Kodi Ndani Adzatenga Mbali ya Wodwala?

Acinyamata anzanga, ndi magulu ocepa m'mipingo yathu kuno ku Chongwe amene sanacitepo sewero la Edzi. Kaya ndi ku Chalimbana kaya ku Kanakantapa, nkhani yake imakhala imodzimodzi. Mnyamata acoka kumudzi napita ku Lusaka, alowerera m'mowa ndi ciwerewere, abwerako atawonda, ndipo pomaliza timuphimba citenje, kwaya n'kuyamba nyimbo ya maliro. Anthu aomba m'manja. Koma kodi munadzifunsapo kuti munthu amene ali ndi kacilombo, amene wakhala pa benci ya kumbuyo m'chalichi, amamva bwanji poona kuti mbali yake ndi ya wocimwa amene ayenera kufa?

Mu 2019, mumzinda wa New York ku America, anaonetsa sewero lochedwa "one in two". Analilemba Donja R. Love, munthu wakuda amene iye mwini ali ndi HIV. Dzina la seweroli linacokera ku ciwerengero cimene bungwe la boma la America loona za matenda, CDC, linatulutsa mu 2016: kuti ngati zinthu sizisintha, mwa amuna akuda awiri alionse ogonana ndi amuna anzawo m'dzikolo, mmodzi adzapezeka ndi HIV m'moyo wake. Ocita sewero ndi atatu okha, ndipo palibe amene amadziwiratu mbali yake. Oonerera ndiwo amasankha, mwa kuomba m'manja, amene adzakhala wodwala usiku umenewo. Motero aliyense mwa atatuwo amaphunzira mbali zonse, pakuti mawa ingamugwere ndi iye.

Apa pali funso lovuta kwa ife. Kodi Mkhristu angaime pamaso pa anthu ndi kutenga mbali ya munthu amene mpingo wake umatsutsa moyo wake? Ndipo kodi pali wodwala amene nkhani yake siyenera kumveka pakati pathu?

Ena a inu mudzati, "Zimenezo ndi za ku America." Iai, abale. Amuna otere alipo m'Zambia, ndipo lamulo la dziko lathu limawadziwa, pakuti limapereka cilango ca ndende pa kugonana kwa amuna okhaokha. Mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15, ndipo anatuluka mu 2020 pamene Pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira. Tsono ganizirani mnyamata wotere akadwala. Kunyumba sanganene, kwa abusa aopa, ndipo kucipatala aopa kufunsidwa mafunso. Amakhala cete kufikira thupi litatha.

Dziko lathu linaphunzira kale kuti kukhala cete kumapha. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza anthu poyera kuti mwana wake Masuzgo, amene anamwalira mu 1986, anafa ndi Edzi. Mu 1990 Winstone Zulu anakhala munthu woyamba m'Zambia kunena poyera kuti ali ndi kacilombo, ndipo anakhala ndi moyo kufikira 2011. Kulimba mtima kwao kunatsegulira ambiri njira ya kucipatala. Mu 2005 boma linayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere. Munthu amene amawamwa mokhulupirika angakhale ndi moyo kufikira ukalamba, ndipo kacilombo kakacepa m'magazi mwake kufikira posaoneka pakupima, sapatsira mnzake pogonana. Conco sewero limene limatha ndi maliro nthawi zonse likunena zimene zinali zoona kale. Lero cimene cimapha ambiri ndi kucedwa kukapimitsa ndiponso kuleka mankhwala cifukwa ca manyazi.

Wina adzafunsa kuti, "Tikaonetsa munthu wotere mwacifundo, kodi sitikuvomereza cimo?" Funso limeneli n'loyenera, ndipo mipingo yathu ili ndi ciphunzitso cake pa nkhani ya ukwati cimene sewero la acinyamata silingacisinthe. Koma kumvetsa ululu wa munthu ndi kuvomereza zonse zimene amacita ndi zinthu ziwiri zosiyana. Werengani Yohane 9. Ophunzira ataona munthu wosaona cibadwire anafuna kudziwa amene anacimwa, iye kapena makolo ake. Yesu anakana kuona matenda ngati cigamulo, ndipo anamuciritsa. Werenganinso Luka 10. Pokonza fanizo la munthu wovulazidwa panjira, Ambuye anapatsa mbali yabwino kwa Msamariya, munthu wa mtundu umene omvera ake ankaunyoza. Msamariyayo sanayambe wafunsa wovulalayo za moyo wake asanamange mabala. Ngati Yesu anagawa mbali motero, ife tigawa bwanji?

Nali pempho langa kwa atsogoleri a magulu. Pokonza sewero lotsatira, lembani maina a onse pa tumapepala, wapampando ndi woimbitsa kwaya omwe, ndipo citani maere pamaso pa anthu kuti mupeze wodwala. Musanene mmene anatengera kacilombo. Oonerera akafuna kudziwa, afunseni kuti yankho lake lingasinthe ciani pa thandizo limene adzamupatsa. Kenaka imitsani sewero pamene wodwalayo akugogoda pacitseko ca mkulu wa mpingo, ndipo itanani munthu mmodzi mwa oonerera kuti abwere adzamutsegulire ndi kumuyankha ndi mau ake. Njira yotere si yacilendo kwa ife: kuyambira 1969 gulu la Chikwakwa la pa yunivesite ya Zambia linkacitira masewero pabwalo ndi kuwapereka kumidzi m'zinenero za anthu.

Cenjerani ndi cinthu cimodzi: sewero lisaloze munthu weniweni wa m'mudzi, kapena ndi dzina kapena ndi mayendedwe, pakuti kuulula cinsinsi ca wina kungamuike m'mavuto aakulu. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Pamsonkhano wanu wa Lacisanu ndi Ciwiri kambiranani funso ili: mnyamata wa m'gulu lanu atapezeka ndi kacilombo, ndipo mwamva mphekesera za mmene anakatengera, ndani mwa inu angamuperekeze kukatenga mankhwala?