Kodi Buku la Chisoni Lili ndi Phindu Lanji?

Munthu wamkulu akayamba sukulu ya kwacha, kawirikawiri amadziwa chimene akufuna. Afuna kuwerenga yekha kalata ya mwana wake amene ali ku Joni, osapempha mnansi kuti amuwerengere. Afuna kuzindikira zolembedwa pa khadi la kuchipatala, pa thumba la feteleza ndi m'buku la nyimbo. Zonsezi phindu lake n'loonekeratu. Koma pali mabuku ena amene saphunzitsa za ulimi kapena za mankhwala. Amasimba za anthu opeka, nkhani zake zimayenda pang'onopang'ono, ndipo zimatha wowerenga mtima utamulemera. Kodi munthu amene wavutika chotere kuti aphunzire kuwerenga atakula, ayenera kutaya nthawi yake pa buku lotere?

Funso limeneli n'lolemera kulikonse, koma ku Nkhulambe n'lolemera koposa. Derali lili m'boma la Phalombe, kum'mawa kwa phiri la Mulanje, kufupi ndi malire a Mozambique. M'mwezi wa Malichi 2023 mvula ya namondwe wa Freddy inagwa masiku angapo osaleka, ndipo madzi anatsika m'phiri atasenza miyala, mitengo ndi matope. Nyumba zinapita, minda inakwiririka ndi mchenga, chipatala chinawonongeka, misewu inaduka kotero kuti thandizo linavuta kufika. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ndipo ena oposa 500 sanapezeke. Akuluakulu a m'bomalo anali atazionapo kale zotere mu 1991, pamene madzi a m'phiri la Michesi anakokolola midzi n'kupha anthu mazanamazana. Tsoka la mtundu umenewu anthu amalitcha Napolo.

Tsono munthu wa kumeneko akanena kuti, "Chisoni ndili nacho kale, cha m'buku n'chachiyani?" asatsutsidwe msanga, pakuti mawu akewo ali ndi choona. Pa bala laliwisi sathirapo tsabola. Amene waika mwana dzulo safuna buku. Afuna phala, ndi munthu wokhala naye pafupi.

Komatu miyezi imapita, anthu obwera kudzapepesa amabwerera kwawo, ndipo chisoni chimatsala ndi mwini wake. Apa m'pamene funsoli liyenera kuyankhidwa, ndipo yankho lake lili m'mwambo umene munthu aliyense wa kumudzi amaudziwa.

Pamudzi pakagwa zovuta, anthu amasiya makasu. Amayi amalowa m'nyumba ya siwa, abambo amachezera panja pamoto usiku wonse. Mwa onsewo palibe amene ali ndi mankhwala oukitsa wakufa, ndipo ambiri salankhula kanthu. Nanga amadzeranji? Amadzera kukhala pamodzi ndi chisoni cha mnzawo, osachithamangitsa. Palinso china chimene anthu sachinena poyera. Mayi amene akulira mokweza pa maliro a mwana wa mnansi, nthawi zambiri akulira mwana wake amene anamuika zaka zisanu zapitazo. Palibe amene amamudzudzula. Akale anati maliro n'kulirana, ndipo anadziwa kuti misozi ya munthu imafuna khomo lotulukira, ndi kuti khomolo nthawi zina limakhala tsoka la wina.

Buku la chisoni ndi khomo lotere. Wowerenga amakhala pa siwa ya munthu amene sanamuonepo, n'kupeza kuti akulira wake. Kwa amene abale awo sanapezeke pansi pa matope, nkhaniyi ndi yaikulu. Iwo alibe manda oti akasese, ndipo chisoni chopanda manda chimasowa pokhala. Buku silingakhale manda. Koma lingapatse munthu ola limodzi limene amaloledwa kukumbukira popanda wina womuuza kuti alimbe mtima.

Buku lotere limasiyana ndi nthano ya pamoto. M'nthano, Fisi amalangidwa, Kalulu amapulumuka, ana amamva phunziro n'kukagona. Nthano imabweza ngongole zonse isanathe. Buku la chisoni silibweza zonse, chifukwa nawonso moyo subweza. Samuel Josia Ntara, m'buku lake la Nthondo limene linatuluka mu 1933, anatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa yake. Ambiri amakumbukira kutembenuka mtima kwa Nthondo kumapeto, koma mphamvu ya bukulo ili m'zaka za pakati, zaka zosokera zimene kutembenukako sikungazibweze. M'buku la John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe, munthu apha mbale wake chifukwa cha nsanje, ndipo mbalame iulula chinsinsicho. Chilungamo chimachitika ndithu, koma wowerenga wosamala satseka buku akuseka, pakuti amaganizira makolo amene anatumiza ana awiri paulendo.

Za Napolo weniweniyo analemba ndi Steve Chimombo, mbadwa ya ku Zomba, kumene Napolo anadutsa mu 1946. Ndakatulo zake za Napolo zinatuluka mu 1987, ndipo buku lake lalitali lotchedwa The Wrath of Napolo linatuluka mu 2000. Chomvetsa chisoni n'chakuti onsewa ali m'Chingerezi, kotero kuti anthu amene anamva mkokomo wa Napolo ndi makutu awo ndiwo ali kutali ndi mabukuwo. Imeneyi ndi ntchito imene ikudikira olemba ndi omasulira a Chichewa ndi Chilomwe.

Nanga buku lotere liwerengedwe bwanji? Apa wophunzira wa sukulu ya kwacha ali ndi mwayi umene sauzindikira. Iye amachita manyazi poona kuti amawerenga chala chili pansi pa mawu, mdzukulu wake atamaliza kale tsamba lonse. Koma wowerenga mothamanga amangofuna kudziwa amene wakwatira ndi amene wafa, ndipo buku la chisoni limamubisira zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wolemba waluso sakonda kunena kuti mayi uja anali ndi chisoni. Amangosimba kuti madzulo mayiyo anatulutsa mbale zinayi, pamene odya anatsala atatu, ndipo anabweza imodziyo mwakachetechete. Wothamanga amadumpha mbaleyo. Woyenda pang'onopang'ono amaima pomwepo, makamaka ngati iyenso anabwezapo mbale. Zaka zake, zimene ankaziyesa chopinga pa sukulu, ndizo zimamuthandiza kumva chimene mwana wa Sitandade 8 sangachimve ngakhale adziwe mawu onse.

Koma pali ngozi imene siyenera kubisidwa. Alipo anthu amene amakonda chisoni cha m'buku monga amakondera ndiwo zokoma. Amawerenga za midzi yokokoloka ali pa mpando wofewa, amapukusa mutu, n'kukagona akudziyesa achifundo. Misozi yogwera pa pepala siinasenzepo thumba la chimanga kupita kwa wamasiye. Ena amazolowera kukhumata mpaka kuiwala khasu, ngati kuti kudandaula ndiyo nzeru. Amenewa vuto si bukulo ayi, koma kuti afika pa siwa kudzaonerera. Chimene chimasonyeza kuti munthu wawerenga bwino chimaoneka m'mawa mwake, nkhalamba ya nyumba yoyandikana ikayambanso kusimba za usiku wa madzi uja kachikhumi, ngati iye adzakhala pansi n'kuimvetsera mpaka kumapeto.

N'chifukwa chake mabuku otere amakoma powerengera pamodzi, monga maliro sachezera munthu mmodzi. Ophunzira asanu kapena khumi akhoza kukhala pansi pa mtengo, wina n'kuwerenga ndime imodzi mokweza, wina yotsatira, olakwitsa mawu osasekedwa. Nkhani ikatha, pamakhala bata. Mphunzitsi asafulumire kufunsa kuti nkhaniyo ikuphunzitsa chiyani, monga amafunsira ana a sukulu. Atseke buku n'kudikira. Mwina padzapita nthawi, kenaka wina mwa amayi adzakonza mpango wake kumutu, n'kutchula dzina limene sanalitchule pagulu chichokere chaka cha 2023.