Kodi ndiwakonze amayi?



Tsiku langa loyamba pamsika ku Cairo ndinalankhula Chiarabu cha m'buku, chija tinkaloweza ku madrasa. Wogulitsa buledi anandiyang'anitsitsa, n'kuitana mnzake kuti adzamve nawo. Ine ndimati khubz, iwo amati aish. Ine kayfa haluka, iwo izzayak. Jiim amamutchula ngati g, qaaf amangomumeza. Kwathu ku Thyolo ndinkadziyesa katswiri, koma apa ndinasanduka khanda lophunzira kulankhula.

Zina umazolowera msanga: nyemba za fuul m'mawa m'malo mwa phala, kulowa m'kalasi Lamulungu, kutentha kwa mu Julaye pomwe kwathu kuli chiperoni. Za nsima ndiye musafunse. Chimene chinandivuta ndi kusekedwa. Ku Al-Azhar shehe amakukonza makharij kuti udziwe, koma kusekedwa mu minibasi n'kwina, kumakutsatira mpaka pogona.

Patatha zaka ziwiri ndinabwera kutchuthi. Amayi amathyola tiyi pa esiteti ina, dengu kumsana, malipiro ake powerengera makilo. Ndalama ya pasipoti yanga inachokera m'dengu limenelo. M'bandakucha, asanapite kumunda, ndinawamva akuswali Fajr. Ha wa pakhosi sankatuluka, dhwaad ankamveka ngati d wamba. Atangopereka salaam ndinati, "Amayi, Faatiha yanuyo ili ndi zolakwika."

Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi Allah samandimva?"

Funso limenelo sindinaliyankhe bwino mpaka lero.

Kukhala chete osawauza sikukanakhala chilungamo. Ilimu ndi amaana, ndipo Faatiha timaiwerenga m'rakaa iliyonse. Nanga anthu anasonkheranji kuti ndipite kutali, ngati pobwera ndizingoyang'ana? Komabe ndikadzifunsa moona mtima, m'mawa umenewo sindinkaphunzitsa ayi. Ndinkabweza. Manyazi a pamsika paja ndinabwera nawo m'chikwama, n'kudzawatula pa munthu amene sakanatha kundiyankha m'Chiarabu.

Tinaphunzira hadith ya Mayi Aisha (RA), yopezeka mwa Bukhari ndi Muslim, yonena kuti wowerenga Qur'an movutikira ali ndi malipiro awiri. Ndinailoweza pokonzekera mayeso, ndinakhoza. Koma sindinaganizepo kuti ikukamba za mayi wolankhula Chilomwe ndi Chichewa, amene Faatiha anaiphunzira pongomvera, wopanda buku. Ine wamwayine, amene lilime langa lawongoledwa ndi mashehe, mwina ndili kumbuyo kwawo.

Enafe tikabwera kuchokera ku Cairo kapena ku Madinah timabwera ndi kanzu yoyera, Chichewa chikutivuta dala, Chiarabu tikuchiponya paliponse ngakhale pogula matemba. Timaiwala kuti kunja kuja alendo osadziwa kanthu tinali ife, ndipo amene anatithandiza si amene ankaseka. Ine anandithandiza mlonda wa pageti, amene ankabwereza liwu katatu, pang'onopang'ono, osandichititsa manyazi.

Ndabwereranso kusukulu tsopano. Sabata yatha mng'ono wanga ananditumizira voisi pa WhatsApp. Anali amayi, akuwerenga ayah yomaliza ya Faatiha, tambala akulira chapatali. Pomaliza anati, "Tamvera, achimwene, apapa bwanji?"

Dhwaad uja sanafikebe. Ndaimvera kasanu, sindinayankhe.