Dzanja, Dengu ndi Zenga

Werengani Deuteronomo 23:24, 25; Levitiko 19:13; 1 Akorinto 9:7-18.

Aliyense amene anayendapo pamsika wa pa Boma ku Mchinji, kapena pokwerera galimoto zopita kuchipata cha Mwami, anakaonapo kanyumba kokhala ndi kompyuta imodzi, sipika yaikulu pakhomo, ndi mnyamata pabenchi. Ntchito yake anthu amaitcha kubena. Mukampatsa memori khadi kapena fulashi, m'kanthawi kochepa mumabwerera kwanu ndi nyimbo mazanamazana, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, ndi maulaliki omwe. Pofika ku Mkanda kapena ku Kapiri, zonsezo zimalumpha kuchoka pafoni ina kunka pa ina kudzera mu Bluetooth, SHAREit kapena Xender, popanda bandulo ya intaneti.

Tisafulumire kuweruza. Bandulo njokwera mtengo, ndipo m'midzi yambiri netiweki imavuta. Mayi amene wagulitsa ndowa ya mtedza kuti alipire sukulu ya mwana sangathe kumvera nyimbo pa intaneti tsiku ndi tsiku. Koma funso likhalapobe: Kodi lamulo lachisanu ndi chitatu lifika m'kanyumba kaja?

Ambiri amayankha kuti sanamlande munthu kanthu, pakuti mwini nyimbo akadali nayo nyimbo yake. M'mawu amenewa muli choonadi china. Wakuba mbuzi amasiya khola lopanda mbuzi, pamene wokopera nyimbo sachotsapo ndi liwu limodzi lomwe. Komatu pa Levitiko 19:13 Mose anaika kulanda ndi kusunga malipiro a wantchito m'vesi limodzi. Munthu angathe kuberedwa chimene sanachigwirepo m'manja, ndicho mphotho ya thukuta lake.

Taonani tsopano lamulo la pa Deuteronomo 23. Wapaulendo wanjala analoledwa kudya mphesa m'munda wa mnzake kufikira atakhuta, koma sanaloledwe kuika m'dengu. Analoledwa kubudula ngala za tirigu ndi dzanja, koma osati kulowetsamo zenga. Nchifukwa chake Afarisi, poona ophunzira a Yesu akubudula ngala (Mateyu 12:1, 2), sanawanene za kuba. Mlandu umene anawapezera unali wa Sabata. Mulungu anasiyira wosauka malo m'munda wa mwini, napatsanso mwini munda malire omteteza. Dzanja limatha njala ya lero. Dengu ndi zenga zimatenga zokolola.

Chovuta cha masiku athu ano nchakuti makina afafaniza malirewo. Dzanja la wapaulendo uja linali kudzala msanga, koma chala chimodzi pafoni chikhoza kukolola munda wonse, ndi kuugawira anthu makumi asanu dzuwa lisanalowe. Motero sitingadzilungamitse pongonena kuti ife sitigulitsa.

Dziko lathu lakhala likulimbana ndi nkhaniyi kuyambira nthawi ya makaseti. Lamulo loteteza eni ntchito zaluso linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba mu 1992. Lamulo latsopano la mu 2016 linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, monga mamemori khadi ndi mafulashi, umene umagawidwa kwa eni ntchitozo. Msonkho umenewu ukukhudza kukopera kwa munthu payekha. Supatsa aliyense ufulu wogulitsa ntchito ya mnzake.

Koma tisiye za boma, tilowe m'nyumba mwathu. Ndikukumbukira kwaya ina ya m'dera lino imene mamembala ake anasonkha ndalama za soya ndi mtedza, napita kukajambula nyimbo ku Lilongwe. Anabwera nazo kumsonkhano wa misasa ali ndi chiyembekezo chobweza ngongole. Anagula ndi owerengeka. Pofika tsiku lotsekera, nyimbozo zinali kumveka pafupifupi m'msasa uliwonse. Amene anachita izi sanali anthu akunja ayi. Tinali ife, amene tinafuula Amen pamene iwo anali kuyimba. Kwayayo sinajambulenso.

Ena adzati, “Izi ndi nyimbo za Mulungu, kodi uthenga ugulitsidwe?” Paulo anakumana ndi maganizo omwewa ku Korinto. Iye anaphunzitsa momveka kuti wogwira ntchito ya uthenga ali nawo ufulu wodya za ntchitoyo, ndipo pambuyo pake ananena kuti iye mwini sanaugwiritse ntchito ufuluwo. Onetsetsani amene anasankha: anali Paulo, osati Akorinto. Momwemonso Boazi ndiye anauza anyamata ake kuti azisololera Rute ngala m'mitolo (Rute 2:15, 16). Kupatsa kwaulere nkokoma, koma wopatsayo ayenera kukhala mwini munda. Ine sindingaonetse kuolowa manja ndi tirigu wa mnzanga.

Minda yotsegulidwa ndi eni ake ilipo, ndipo njambiri. Maphunziro a Sukulu ya Sabata ndi mabuku a Ellen G. White amapezeka kwaulere pa mapulogalamu a foni. Mbale amene wafika pa Boma pamene netiweki ili yamphamvu angathe kuwatsitsa kamodzi, nakawerenga kumudzi popanda intaneti. Ndipo kwaya imene nyimbo zake muli nazo kale si yakutali. Msungichuma wake ali ndi nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba.

Chotsala ndi mnyamata wa pabenchi uja. Kawirikawiri ndi mwana wathu, wotsiriza Fomu 4 koma wosowa ntchito, amene akudyetsa amake ndi azing'ono ake ndi kompyuta yomweyo, ndipo mwina Sabata lino wakhala nafe m'kalasi. Kambiranani: Ngati iye atabwera kwa akulu a mpingo kudzafunsa chochita ndi ntchito yakeyo, mungamuuze chiyani? Nanga inu amene mumam'bweretsera memori khadi Lachisanu lililonse, mungampatse ntchito yanji m'malo mwake?