Thupi likamateteza mayi, mwana n'kufulumira

Pali vuto lina limene mayi woyembekezera amalisunga mumtima, osauza apongozi ngakhale mnzake wapamtima. Chikazi chasintha, chasanduka chamadzimadzi, chotuwa, ndipo chikutulutsa fungo la nsomba, makamaka akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Sichipweteka ndipo sichiyabwa kwenikweni, choncho mayi amangosamba kawirikawiri n'kukhala chete. Madokotala amalitcha bacterial vaginosis, mwachidule BV. Amayi ambiri amene ali nalo saona n'komwe chizindikiro chilichonse.

Ndikamaganizira za vutoli, chimene chimandigwira mtima ndi mmene thupi limayankhira. M'njira ya mayi mumakhala tizilombo tabwino totchedwa Lactobacillus. Timapanga asidi amene amasunga malowo ali owawasa, pH yake osapitirira 4.5. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya masamba a mbatata amene akaphimba mzere, udzu umasowa pomera. Tizilomboti tikachepa, Gardnerella vaginalis ndi tinzake timachulukana n'kumatirira pakhungu la mkati. Woyeza akaika dontho la chikazi pa maikulosikopu amaona maselo atakutidwa ndi tizilombo mpaka m'mphepete mwake osaonekanso bwino. Koma akafufuza asilikali a m'thupi, amene pamatenda ena amadzaza pagalasipo, amangopeza owerengeka.

Izi sizitanthauza kuti thupi silinamve. Limatulutsa uthenga wa ngozi wotchedwa interleukin-1 beta wochuluka ndithu. Koma uthenga wachiwiri, interleukin-8, umene ntchito yake ndi kuitana asilikali aja, sukwera mofanana. Nthawi yomweyo tizilombo tina timatulutsa sialidase, mankhwala amene amasungunula mamina oteteza ndi kufooketsa chitetezo cha pakhomo la chiberekero. Ndiye kunja kulibe kutupa kapena kufiira koti mayi n'kuthamangira kuchipatala, pamene mkati mpanda ukugumuka pang'onopang'ono.

Kwa mayi wapakati nkhaniyi ndi yolemera. Miyezi yonse ija thupi lake limakhala likuchita chinthu chovuta: kulera mwana amene theka la chibadwa chake ndi la bambo, osamuona ngati mdani, koma osasiyanso kulimbana ndi matenda. Tizilombo tikakwera n'kufika pansupa, chitetezo chimadzuka ndi mphamvu zonse. Mauthenga a ngozi amachititsa kuti thupi lipange ma prostaglandin, omwe aja amene amayambitsa matenda a kubereka nthawi ikakwana. Khomo la chiberekero limafewa, nsupa imafooka, mwina n'kusweka. Thupi likuchita zimene linalengedwera, kutulutsa chimene chingaphe mayi, koma mwana amatulukanso masabata 37 asanakwane. Kafukufuku wambiri akamuika pamodzi amaonetsa kuti BV imachulukitsa pafupifupi kawiri chiopsezo cha kubadwa masiku asanakwane, ngakhale kuti amayi ambiri amene ali nayo amabereka bwinobwino nthawi yake.

Kwathu kuno iyi si nkhani yakutali. Lipoti la Born Too Soon la 2012 linaonetsa kuti ku Malawi ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, kuposa dziko lina lililonse panthawiyo. Zifukwa zake n'zambiri, malungo ndi kuchepa kwa magazi zili pomwepo, ndipo matenda a m'njira ya mayi ndi chimodzi mwa izo. Amene analowapo m'chipinda cha kangaroo amadziwa mapeto ake: kamwana kovala chipewa choluka, komangidwa ndi chitenje pachifuwa, mayi akufinyira mkaka m'kakapu chifukwa kakamwa sikanathe kuyamwa.

Munthu angaganize kuti yankho ndi losavuta: kupha tizilombo, mimba n'kukhazikika. Zinthu sizinayende choncho. Ku America, kafukufuku wa mu 2000 anapeza kuti kupatsa metronidazole, uja timamudziwa kuti Flagyl, amayi a BV opanda zizindikiro sikunachepetse kubereka msanga. Kummwera kwa Malawi, kafukufuku wa APPLe, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009, anatsatira amayi oyembekezera oposa 2,000. Ena anamwa azithromycin, ena mapiritsi opanda mankhwala, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni. Zikuoneka kuti kutupa kukayamba mkati, piritsi lofika mochedwa silikubweza. Komanso matupi amasiyana: mu 2004 akatswiri ena anaonetsa kuti amayi a BV amene chibadwa chawo chimakhudza kapangidwe ka uthenga wina wa kutupa, TNF-alpha, ndiwo anali pachiopsezo chachikulu kwambiri. Tizilombo tofanana, koma mayankho a thupi osiyana.

Apa m'pamene mtima wanga umawawira mayi amene mwana wake wafulumira, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti anayenda molakwika kapena ndi wauve. BV si uve. Kutsuka mkati ndi sopo kapena kuikamo zitsamba zoumitsa, zimene ambiri amaphunzitsidwa ngati ukhondo, ndiko kumathamangitsa tizilombo tabwino tija. Ndipo katunduyu si wa mayi yekha. Mu 2025, ku Australia anapeza kuti mwamuna akalandira mankhwala limodzi ndi mkazi wake, vutoli silibwerera kawirikawiri.

Mayi amene waona kusintha ayenera kulandira mankhwala, ndipo metronidazole amaperekedwa ngakhale kwa woyembekezera. Koma mankhwala amafika kwa amene walankhula. N'chifukwa chake ndimalakalaka kuti kusikelo, namwino akamaliza kuyeza mimba ndi kuthamanga kwa magazi, azifunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, nanga kumusiku zili bwanji?" Ndimalakalakanso kuti anankungwi ndi apongozi aziuza ana awo kuti mkati mumadziyeretsa mokha, ndiponso kuti abambo akauzidwa za fungo lachilendo asathamangire kuweruza, koma aperekeze akazi awo kuchipatala mimba ikadali yaing'ono.