Ndalama ndi mphamvu yonena kuti ayi



Pali mawu amene timakonda kuuzana tikamatuluka mu mzikiti kapena pa ma status athu: dunya ndi yakutha, ndalama si kanthu, chachikulu ndi iman. Mawuwa ndi oona, sindikulimbana nawo. Chimene chimandivuta ine n'chakuti kawirikawiri amene amawalankhula mokoma ndi amene wadya kale, pomwe akuuzidwayo sanaione nsima chiyambire dzulo. Apa timasokoneza zinthu ziwiri. Kusapembedza ndalama ndi ntchito ya mtima. Kusowa ndalama ndi vuto basi, ndipo vuto silisanduka ibada chifukwa choti talitcha sabr.

Kwathu ku Ntcheu nkhaniyi imaoneka ndi maso. Kaimeni pa Lizulu tsiku la msika, kapena pa Tsangano Turn-off, apo msewu wa M1 ukuyenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Madengu a tomato, milu ya kabichi, anyezi, matumba a mbatatesi zochokera kumapiri a Tsangano. Zambiri mwa izi zikadyedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mlimi walima, wathira feteleza, wapopera mankhwala, wakankha njinga m'bandakucha. Venda wangofika ndi ndalama m'thumba. Ndiye tandiuzani, amene amatchula mtengo ndani? Tomato sachedwa kuola. Dzuwa likamapendeka mlimi akudziwa kuti sangabwerere naye, komanso kunyumba kuli mwana amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Venda akhoza kunena kuti "basi ndikaona kwina" n'kuyamba kuchokapo. Mlimi sangatero. Amamuitana kuti, "Bwerani achimwene, tengani."

Chimanga ndiye chimandipweteka kwambiri. Mu Meyi ndi Juni, chikangotuluka m'munda, mtengo umagwa chifukwa aliyense akugulitsa. Anthu akufuna kubweza ngongole ya feteleza, kugula sopo ndi mchere, kulipira chigayo. Pofika Januwale ndi Febuluwale banja lomwe lija likukagula chimanga pa mtengo wokwera, ndi ndalama ya ganyu wa m'munda mwa wina, kwawo udzu uli thoo. Musaganize kuti munthuyu sadziwa masamu. Amawadziwa bwino kuposa ife a ku yunivesite. Chimene alibe ndi kandalama komuthandiza kudikira miyezi ingapo. Umphawi umamulipiritsa kawiri, pogulitsa ndi pogula.

N'chifukwa chake ine ndikamaganiza za ndalama sindiyamba ndi galimoto kapena foni yodula. Ndimaganiza za mphamvu yodikira, ndi mphamvu yonena kuti ayi.

Ndipo "ayi" ameneyu sathera pamsika. Aliyense amene anakhalapo pa mkeka wa madrassah akudziwa kuti riba ndi haraam. Koma mayi akadwala usiku ku Kasinje kapena ku Bwanje, pakufunika galimoto yopita nawo kuchipatala cha pa boma, m'nyumba mulibe ngakhale K5,000, munthu amathamangira kwa wakatapila. Amadziwa kuti pakutha pa mwezi abweza ndi theka lake pamwamba, mwina kuwirikiza kumene. Amapita akudziwa. Ku koleji nako timaziona. Mlongo wathu wovala hijab, wanzeru, ndalama ya chakudya yatha sabata yachiwiri, ndiye pali bambo wina wagalimoto amene akuimba foni tsiku lililonse. M'bale wathu wotsogolera swala ku hositelo akubetcha mpira mobisa chifukwa akuyembekeza kuti K500 ibereka ya lendi. Sindikunena kuti njala imasandutsa haraam kukhala halaal. Alipo ambiri amene amakana ali ndi njala yomweyo, ndipo malipiro awo kwa Allah ndi aakulu. Koma kodi n'chilungamo kuti ife tizingowalalikira, osafunsa kuti kukanako kukuwadyera zingati?

Mtumiki Muhammad (SAW) ankapempha chitetezo kwa Allah ku ngongole pafupipafupi, mpaka anafunsidwa chifukwa chake. Chifukwa chimene anapereka chinali cha khalidwe: ngongole imamukankhira munthu ku bodza ndi kuphwanya malonjezo. Amene munazimitsapo foni chifukwa cha munthu amene mumayenera kumubwezera, mukudziwa zimene zikunenedwa apa.

Tikayang'ana mmene Deen yathu inamangidwira, ndalama zili paliponse. Pa nsichi zisanu, ziwiri, Zakaat ndi Hajj, zimamugwera munthu amene ali nacho. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, powerengera zinthu zisanu zimene Shariah inabwera kudzateteza, anaika chuma pamodzi ndi chipembedzo, moyo, nzeru ndi mtundu wa munthu. Taonani bwino, zinayi zinazo zimatsamira pa chachisanuchi. Nzeru zimafuna fizi. Moyo umafuna mankhwala. Banja limafuna mahr ndi denga, ndipo tonse tikuwadziwa anyamata amene nikah ikuchedwa chaka ndi chaka osati chifukwa chosafuna.

Maswahaba sankachita nazo manyazi zimenezi. Abdurrahman bin Awf (RA) atafika ku Madina pa Hijra mu 622 analibe kanthu. Sa'd bin Rabi' (RA) anafuna kumugawira theka la chuma chake, iye anathokoza n'kupempha kuti angomulozera kumsika. Uthman bin Affan (RA) anagula chitsime cha Ruma kuti anthu azitunga ulere. Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ulendo wa ku Tabuk mu 630. Anthu ena osauka anabwera kudzapempha chokwera kuti apite nawo, chokwera chinasowa, anabwerera akulira. Iman anali nayo yodzaza. Chimene chinawaliza ndi kuona ntchito yabwino ikuwadutsa chifukwa cha kusowa.

Ndikudziwa wina anena kuti nanga m'nyumba ya Mtumiki (SAW) simunkatha masiku ambiri moto wosasonkhedwa? Zoona. Koma chuma chinkadutsa m'manja mwake, iye n'kuchigawa. Munthu amene wasiya chinthu chimene akanatha kuchisunga ndi wosiyana ndi amene sanachigwirepo. Nanga Qarun? Eya, Qarun alipo, ndipo safunika mamiliyoni. Munthu akhoza kukhala Qarun ndi kagolosale kamodzi.

Malire a nkhaniyi ndimawaona bwino kwa abale athu a ku Joni. Amatumiza ndalama, nyumba yamalata imamangidwa, alongo awo amaphunzira, Allah awalipire. Koma ena zaka zimadutsa akugwira mu shopu masiku asanu ndi awiri pa sabata, Jumu'ah akuipemphera mothamanga, mwana akukula akudziwa bambo ake pa video call, janaza ya mayi akuionera pa foni. Ndalama imene inkayenera kumugulira munthu nthawi yayamba kudya nthawiyo. Nayenso "ayi" wamuthawa, ngakhale akuwerenga ma rand. Sindikuwaweruza, chifukwa chinawachotsa kuno ndi chimanga cha mu Januwale chomwe chija. Ndikungoti funso loti "zokwanira ndi zingati" liyenera kuyankhidwa munthu asanakwere basi, apo ayi silidzayankhidwanso.

Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti za ndalama sitiphunzitsana. Ku madrassah tinaphunzira twahara mwatsatanetsatane, zoononga wudhu tikhoza kuzitchula tili m'tulo, Alhamdulillah. Koma m'mabuku a fiqh omwewo muli zigawo za malonda, za mgwirizano pa geni, za ngongole, ndipo ambirife sitinazifike. (Ustadh amene ankatiphunzitsa nayenso mwezi unkatha akudikira sadaka ya makolo. Imeneyo ndi nkhani ina yofunika tsiku lake.) Pomwe dziko silikudikira. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Thumba la feteleza wa AIP limene mlimi ankawombola pa K4,495 mu 2020 linafika pa K15,000 patangodutsa zaka ziwiri. Amene anasunga ndalama m'kachitini anadzuka itachepa osaigwira, pomwe amene anagula mbuzi anapulumukako. Kudziwa zimenezi ndi gawo la kuteteza chuma kumene Al-Ghazali ankanena.

Ku midzi yathu banki mkhonde yathandiza amayi ambiri, koma imayendera chiwongoladzanja, ndiye Msilamu amatsala pakati, kulowa akuopa riba, kusalowa alibe kolowera. Ife achinyamata timatha kusonkherana za yunifomu ya timu ya mpira ndi za ulendo wa kunyanja. Chingatikanike n'chiyani kukhala anthu khumi, kusonkha mwezi ndi mwezi, kubwereketsana popanda kuonjezapo kanthu, zonse zolembedwa ndi mboni ziwiri? Qardh hasan imeneyo. Sidzalemeretsa munthu, koma ikhoza kumuletsa mmodzi kugogoda kwa wakatapila.

Zakaat nayo tiione ndi maso a kuno. Yambiri imatuluka mu Ramadhan chifukwa anthu akufuna thawabu za mweziwo. Koma Ramadhan imayendayenda pa kalendala, chaka chilichonse imabwerera m'mbuyo ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi, pomwe njala ya ku Ntcheu siyendayenda, imabwera Januwale ndi Febuluwale. Ndipo pali zakaat ya zokolola imene sitiimva kawirikawiri pa khutbah. Mlingo wake ndi pafupifupi makilogalamu 653, kutanthauza matumba 13 a makilogalamu 50. Amene wakolola chimanga chofika pamenepo ndi mvula amapereka gawo limodzi mwa magawo khumi, wothirira ndi ndalama zake amapereka theka la pamenepo. Wokolola matumba 20 ndi mvula apereka awiri. Matumba awiriwo akafika mu Juni pakhomo la mayi wamasiye amene amafuna kugulitsa chake chochepacho kuti alipire ngongole, venda akabwera ndi sikelo yake mayiyo akhoza kumuuza kuti abwerenso mu Disembala.