Kodi kutola si kuba?

M'mwezi wa Epulo ndinaima m'dambo la Moraine Park, ku Rocky Mountain National Park m'chigawo cha Colorado, nyanga ya elk ili m'manja. Inali yolemera ndithu, ya nthambi zisanu ndi imodzi. Wondiona panalibe, galimoto inali poteropo, ndipo lamulo ndinkalidziwa bwino: m'paki simuchoka kanthu, kaya mwala, kaya duwa, kaya nyanga.

Kwa inu amene simunaionepo, elk ndi nyama yaikulu kuposa mphalapala. Mphalapala imafa ndi nyanga zomwe inakula nazo, pomwe elk yamphongo imagwetsa zake chaka ndi chaka, cha m'Malichi, n'kuyamba kumera zina.

Ndinali nditazionera nyamazi chaka chathunthu. Mu Juni ana amawangamawanga amabisala m'udzu, amayi awo atalusa. Nthawi imeneyo nyanga za amphongo zimakhala zokutidwa ndi kachikopa kaubweya koyenda magazi, ndipo zimatha kukula masentimita 2 pa tsiku. Mu Seputembala mphongo imalira mawu oyamba ngati ng'ombe n'kuthera ngati likhweru, ikusonkhanitsa zazikazi, ikugundana ndi zinzake, osadya mokwanira. Pofika Januwale imakhala itaonda, ikufukula chipale chofewa ndi ziboda kufuna udzu wouma. Mtengo wa nyanga ija ndinkaudziwa, ndipo amene analipira si ine.

Komabe mtima unali ndi yankho lake. Tinakula tikumva kuti kutola si kuba. Mwini wake wataya yekha, ndiye ndamulakwira ndani?

Vuto lili pa mawu akuti kutaya. M'tchire mulibe dzala. Nyanga ikagwa, mbewa, agologolo ndi anungu amaiteketa kuti apezemo kashiyamu, zotsalazo n'kubwerera m'nthaka. Chimene ine ndinkachiona ngati chopanda mwini chinali chakudya cha ena, amene sangandisumire kwa mfumu.

Zoona, nyanga imodzi singathetse mbewa za ku Colorado. Koma alenje amene anatsala pang'ono kumaliza elk za m'dera lino, zaka za m'ma 1800 zisanathe, aliyense ankawerenganso imodzi imodzi. Zinatengera kubweretsa elk 49 kuchokera ku Yellowstone mu 1913 ndi 1914 kuti dambo lino likhalenso ndi kulira kwake. Masiku ano pakiyi imalandira anthu oposa 4 miliyoni pa chaka. Aliyense atati "kangaka basi", mutsala chiyani?

Funso londivuta kwambiri linali lina: ndikuifuniranji? Sindikanaidya, sindikanaigulitsa. Ndinkafuna ikhale pakhoma, alendo azifunsa, ine ndizifotokoza. Ndinkafuna umboni wakuti ndinalipo. Apa m'pamene ndinadzigwira ndekha. Chikondi chathu chimathamangira kunyamula. Tikakonda malo timafuna chibanthu chake, tikakonda munthu timafuna kumuika pomwe tizimupeza nthawi zonse. Kuona kokha, n'kuchoka chimanjamanja, kumatipweteka ngati tabetsa.

Ndinaibweza pomwe inali, pa udzu womwe unali utagona kale m'maonekedwe ake. Sindinama, ulendo wonse wobwerera mtima unali kuwawa.

Mu Juni ndinapitanso. Ndinaipeza pomwepo, itayera ndi dzuwa, nsonga ziwiri zitateketedwa, timizere ta mano tikuoneka. Ndinakhala pansi kanthawi, osaigwira.