Zimene chidendene chowawa chimatiphunzitsa

Kunsi kwa phazi kuli mtsempha wokhuthala, wolimba, wochokera pa fupa la chidendene kukafika kutsinde kwa zala. Umakunga phazi monga momwe nsinga imakungira uta. Ukalemedwa mopitirira, pamene walumikizana ndi chidendene pamayamba kubaya. Madokotala vutoli amalitcha plantar fasciitis, ndipo limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse pa moyo wake, makamaka a zaka zapakati pa 40 ndi 60.

1. Kupepukidwa si kuchira. Ululu umenewu umakula m'mawa, munthu akangoponda pansi potsika pabedi kapena podzuka pamphasa. Usiku wonse phazi limakhala litagwa, mtsempha uja n'kukhwinyata, ndiye kuponda koyamba kumaukoka mwadzidzidzi. Mukayendayenda pang'ono umaleka, inu n'kumati zatha. Madzulo, kapena mukakhala pansi nthawi yaitali n'kunyamuka, wabwereranso. Ambiri amatha miyezi akudzinamiza chonchi.

2. Dzanja limathandiza, koma lisamalonjeze zimene silingathe. Kutikita phazi kumachepetsadi ululu, ndipo sikulira ndalama. Musanatsike pabedi, sanjikani phazi lowawalo pa bondo linalo, gwirani zala zonse n'kuzikokera m'mwamba mpaka mumve mtsempha uja utakungika. Gwirani choncho masekondi 10, siyani, bwerezani maulendo 10. Kenako ndi chala chachikulu cha dzanja sisitani kuchokera ku chidendene kulowera ku zala, mokanikiza koma osati mpaka kukukuta mano. Madzulo mutakhala pampando, gubuduzani phazi pa botolo la madzi oundana. Kumene kulibe firiji, chitsononkho kapena botolo lopanda kanthu limagwira ntchito yosisita ngakhale siliziziritsa. Pali maganizo ofala akuti wotikita wabwino ndi amene amakulizani. Ine sindikuvomereza. Mtsempha wotopa kale susowa wina woukankha ndi chigongono, ndipo ngati m'mawa mwake mwadzuka ululu utawonjezeka, mwapyola muyeso. Dziwaninso kuti kutikita pakokha kumangopatsa mpumulo wa kanthawi. Kumayenera kuyendera limodzi ndi kuwongola minofu ndiponso kuchepetsa katundu amene phazilo lasenza.

3. Gwero la vuto silikhala pamalo owawa pokha. Katumba akaumika, amakoka chidendene kudzera mu mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa akakolo, phazi n'kumavutika. Choncho tikitaninso katumbayo, ndipo muziwongola: yedzamirani khoma ndi manja, mwendo wodwala kumbuyo, bondo lowongoka, chidendene chisachoke pansi.

4. Amene amatitumikira chiimire tiziwaganizira. Mphunzitsi pa bolodi, namwino wogwira usiku, mlonda, mayi wogulitsa tomato pamsika, wa mu shopu amene saloledwa kukhala pansi: onsewa amaima maola ambiri pa simenti, ena atavala patapata wotha kunsi. Kuuza munthu wotere kuti "kapumuleni" n'kosavuta kwa amene malipiro ake sadalira kuima. Chothandiza ndi kampando pafupi ndi ntchito, nsapato yokhala ndi chidendene chofewa komanso chokwera pang'ono, ndi kusayenda opanda nsapato pa simenti m'nyumba. Bwana amene amaona kuti wantchito wokhala pansi ndi waulesi, ayambe waima yekha tsiku lathunthu. Kunenepa kwambiri kumawonjezanso katundu, monganso kuyamba kuthamanga mitunda yaitali thupi lisanazolowere.

5. Chifundo chopanda chidziwitso chimavulaza. Wodwala shuga amene mapazi ake achita dzanzi samva kutentha, ndiye kumuthowa ndi madzi otentha kapena kumutema mphini kungasiye bala losapola. Katumba wotupa mwendo umodzi, wotentha ndi wowawa, musamutikite n'komwe: mwina m'kati mwaundana magazi, ndipo chotupa chotere ndi cha kuchipatala tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi ngati mwagwa ndipo mukulephera kupondera, kapena ululu ukukudzutsani usiku.

6. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri mwa odwala vutoli amachira chisanathe chaka popanda opaleshoni, koma chaka n'chachitali kwa munthu wotsimphina, n'chifukwa chake amayamba kusaka njira zachidule. Wina akajambulidwa n'kuona kafupa kosongoka pa chidendene amati ndi komweko kakumubaya, pomwe anthu ochuluka ali nako ndipo samva kanthu. Jakisoni wa steroid amaletsa ululu kwa milungu ingapo, koma wobwerezabwereza amafooketsa mtsempha uja mpaka ungaduke, ndiponso amachepetsa mafuta amene amateteza chidendene. Ngati mwatikita, mwawongola, mwasintha nsapato koma patha miyezi iwiri osasintha, pitani kuchipatala akakuyezeni. Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi a physiotherapy, amene amaona mmene mumapondera n'kukusankhirani mafizo oyenera phazi lanulo.